Injiniya Apambana Mpikisano wa Njinga

Pulaniyo inabadwira m'botolo la kachasu pa Chonde, ndipo inatuluka ikudzandira ngati mwini wake. Mwini wakeyo anali Lenard, wodzitcha Injiniya ngakhale sanakonzepo ndi wilibala yomwe.

"Tamvera, Pilato," anauza mnzake. "Loweruka kuli mpikisano wa njinga, uja wolimbikitsa anthu kusiya magalimoto autsi. Mumsewu mudzakhala njinga zokhazokha. Tikabudule ziwiri pashopu ya Mayi Hawa pa Nkando, n'kulowa m'chigulu. Angatipeze ndani?"

"Nanga alamu?" anafunsa Pilato. Pajatu Eneles, mkazi wa Lenard, anali atalumbira kuti akadzangomvanso za kuba, mkamwini ameneyu adzalongedza.

"Zimenezo zisiye, aise. Dilu iyi ndi yoyera."

Loweruka m'mawa Mayi Hawa kunalibe, ndipo wogulitsa m'shopumo maso ake anali kumsewu. Madolo aja anakwera njinga ziwiri zimene zinali pakhonde, n'kusakanikirana ndi opikisana. Mpaka apa tiwayamikire.

Koma ha! Kutsogolo apolisi, kumbuyo apolisi, onse panjinga kuperekeza mpikisano. Pilato, amene miyendo yake inazolowera minibasi, anangofika pachitunda choyamba ali wefuwefu, n'kugwera m'ngalande.

Wapolisi wina anayandikira Lenard kuti amupatse madzi. Mkulu uja poyesa kuti zaululika, anapalasa ngati walumidwa ndi mavu, mpaka kupitirira aliyense. Anthu m'mbali mwa msewu: "Injiniya! Injiniya!" Basi, mutu unakula. Pakanjira kolowa m'minda ya tiyi, pamene akanathawira, iye anali kalikiliki kubayibitsa anthu.

Pa Boma, pothera mpikisano, anafika woyamba. Eneles, amene ankagulitsa nanazi pomwepo, anasiya dengu n'kuyamba kuvina. "Amuna anga amenewo!"

Mphoto inali njinga yatsopano. Tsono wopereka mphotoyo anali ndani? Mayi Hawa, amene anathandiza kukonza mpikisanowo. Anamugwira chanza Lenard, kenako maso anagwera panjinga imene anabwera nayo: mapulasitiki ali chikutire, kapepala ka mtengo kolemba iwo eni kakulendewera.

"Achimwene, iyi munagula liti?"

Kuba kwa Injiniya kunaululika pomwepo. Chitsiru, akanangobwereka njinga ya mnansi, bwenzi pano ali ndi yakeyake.

Tsikulo magalimoto sankaloledwa mumsewu, choncho kupolisi anapita wapansi. Eneles anamuperekeza pang'ono chabe.

"Zovala zanu mukazipeza kwa amayi anu," anatero. "Nditumiza pa kabaza, musadandaule za utsi."