Adona a Bambo Ebbe

M'tauni ya Skive aliyense ankadziwa kuti Bambo Ebbe Mørch ankanyengerera pulogalamu ya kompyuta ngati apongozi ovuta. Pulogalamuyo inali yakalekale, ntchito yake kulowetsa mitundu ya zilembo m'makompyuta a m'ma 80 aja, amene anthu anzeru zawo anataya kale. Ebbe ankaitchula kuti Adona.

Torben Kjær, mnzake wa ku kalabu ya makompyuta akale, Adonawo anali atatopa nawo mpaka m'mafupa. Loweruka lililonse masana nyimbo inali yomweyo.

"Amwene Ebbe, yakananso."

"Mwawauza kuti chino n'chaka chanji?"

"Chomwechi, nanga chiti?"

"Ndiye mwawaputa dala. Adona sadziwa kuti dziko linapitirira 1999. Bwezani wotchi, inunso."

Ukabweza wotchi ya kompyutayo, Adona ankaitanitsa disiki yachiwiri, imene sinapangidwepo chilengedwere dziko. Ebbe ankangotulutsa yomweyo, kuiuzira mpweya, kuibwezeramo, Adona n'kuthokoza. Mitundu ya zilembo ikakwana isanu ndi itatu, wina wobwera pambuyo ankaulandira mwaulemu, n'kufufuta woyamba mwakachetechete. Tsiku lina anameza zilembo za kalata ya kalabu, tsamba lonse n'kutuluka timabokosi tokhatokha.

"Komatu timabokosi take n'tosalala," anatero Ebbe. Torben anangotsala pang'ono kumugenda ndi kapu ya khofi.

Kwa zaka zambiri Ebbe ankajambula zilembo zakezake, kadontho ndi kadontho, kutsanzira kalembedwe ka dzanja lake. Atamwalira mu Novembala, mkazi wake Gudrun anafika kwa Torben ndi disiki ya zilembozo mu envulopu.

"Alamu, anzanu anasiya mawu. Pepala la mwambo wa maliro lisindikizidwe ndi zilembo zawo. Abusa akulifuna Lachinayi m'mawa."

"Koma alamu, zimenezi mpaka zidzere kwa Adonatu."

"Ndakhala nawo pamitala zaka makumi atatu. Ndikuwadziwa."

Torben anakhala pamakinawo Lolemba, anakhalapo Lachiwiri. Anabweza wotchi, anauzira disiki, msana uli kuwawa, maso ali psuu. Anatukwana Adona, anatukwana ndi malemu omwe, kenako n'kuchita manyazi. Lachitatu masana, mphamvu zitatheratu, anangoti, "Chonde mayi, si za ine izi." Kaya chinachitika n'chiyani, Adona analola.

Makina osindikizira analira ngati nkhumba yogwidwa mwendo, pepala n'kutuluka. Dzina la Ebbe linali pamenepo, lopendekera monga ankalembera mwiniwake. Koma pansi pa dzinalo, poyenera kukhala tsiku lobadwa ndi lomwalira, panali poyera. Zaka zonsezo mkulu uja anajambula zilembo zokha, manambala sanawayambe n'komwe.

Torben ananyamula pepalalo kupita nalo kwa Gudrun.

"Ndalephera, alamu. Nthawi yatha. Mwina ndingolembapo ndi bolopeni."

Gudrun anavala magalasi, n'kuliyang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pa dzinalo.

"Lisiyeni choncho. Tsikulo ndikulidziwa kale. Sindikufuna kuliwerenganso."

Pepala linagawidwa m'tchalitchi lili chomwecho, ndipo palibe anafunsa.

Masiku ano kalabu imaweruka msanga. Palibe wokangana naye, palibe wochedwetsa anzake, khofi amatsala m'fulasiki. Torben, amene zaka zonsezi ankadandaula kuti Ebbe akumuthera Loweruka lake, tsopano Lowerukalo ali nalo lonse lathunthu. Amafika kunyumba dzuwa lisanalowe, n'kukhala pampando jekete osavula.