Mmene ndinawondetsera mlamu wanga pa kompyuta

Anzanga, nkhani iyi ndimaikamba ndekha masiku ano, chifukwa ndikawasiyira akazi anga amathiramo nsinjiro zambiri.

Titabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha, ine ndinabwera ndi luso limodzi lokha, lotayipa, lomwe ndinaphunzira kumsasa wa othawa nkhondo. Ndiye patapita zaka, bungwe lathu la alimi a fodya ku Mandimba litapatsidwa kompyuta yakale yokhala ndi monitolo, chigalasi choonerapo chija chachimsana ngati mbiya, anasankha ine kuti ndiziisamala. Anthu anayamba kunditchula kuti injinyero, ndipo sindinakane, ndikanakaniranji?

Tsiku lina mnzanga wa ku Cuamba anandipatsa chimbale cha Linukisi, pulogalamu yaulere yoyendetsa kompyuta yonse, n'kunditsimikizira kuti imeneyo sigwidwa matenda. Ndinafufuta zakale zonse n'kuikamo yatsopanoyo. Nditayatsa, galasi linangoti bii, kachilembo koyera kokha kakuphethira pakona. Masiku awiri ndinalimbana ndi fayilo ya manambala ouza galasi mulitali ndi mulifupi mwa chithunzi, ndipo poti manambala oyenera sindinkawadziwa, ndinkangolotera, ndikuika ambirimbiri kuti mwina ena agwira. Tsiku lachitatu mitundu inatuluka. Zilembo zinkaoneka zowonda ndi zazitali ngati zagona ndi njala, koma ndinati zikuwerengeka, basi zatheka.

Mlungu womwewo kunafika chimbale china, chochokera kwa mlamu wanga Armando. Iyeyu sanabwerere nafe, anatsala ku Malawi kenako n'kulowera ku Joni, ndipo mayi ake, apongozi anga, anali asanaone nkhope yake chisiyanireni kumsasa kuja. Atamva kuti m'chimbalemo muli chithunzi chake, ananyamuka ku Ngauma pa njinga yahayala atavala kapulana yawo, chitenje chopitira kutchalitchi.

Tsono kwathu mkamwini sakhala moyandikana ndi apongozi, sawayang'ana m'maso, ndipo mawu amadzera mwa mkazi. Choncho ndinawaikira mpando kutsogolo kwa galasi, ine n'kukoka chotayipira mpaka pomwe chingwe chathera, n'kukakhala kuseri kwa monitolo nditayang'ana khoma. Mwamva bwino, wokonza chithunzi anakhala kumene chithunzi sichioneka. Ndinauza akazi anga, Rozita, poti adine, ine n'kumadikira nthungululu.

M'malo mwake ndinamva apongozi akuusa moyo.

"Mwana wanga watha," anatero chapansipansi. "Rozita, taona khosilo. N'chifukwa chake sabwera."

Analira, anzanga, kulira kwenikweni, moti amayi awiri omwe anabwera kudzalembetsa mbewu nawonso anayamba kusisima pakhomo. Mtima unandipweteka ndipo manyazi anandigwira, chifukwa ndinazindikira pomwepo kuti matenda a Armando ndi manambala anga olotera aja. Koma ukanakhala iwe, ukanadzuka bwanji kukapanikizana ndi apongozi pagalasi?

"Uwauze mayi kuti munthuyo ali bwino, olakwa ndi makina," ndinanong'ona.

Rozita anawauza, n'kubweza yankho: "Akuti mwana wawo amamudziwa, musawatonthoze ngati khanda."

Apa ndinakumbukira kuti mnzanga wa ku Cuamba uja anandionetsa mabatani atatu odinira limodzi, osinthira kukula kwa chithunzi. Pofulumira kuwafunafuna, chigongono changa chinagunda chingwe cha kuseri kwa monitolo.

"Bambo a Joana," anatero Rozita, "achimwene asanduka obiriwira."

Kulira kunakwera. Mmodzi wa amayi apakhomo aja anati matenda otere sanawaonepo, n'kufunsa ngati akaitane akatekisita kuti adzapemphere. Ndinakankha chingwecho thukuta lili kamukamu, mtundu n'kubwerera, kenako ndinadina mabatani aja. Monitolo inayamba kulira tswii ngati njenjete.

"Tsopano akugudubuzika," anatero Rozita. "Mutu uli pansi, miyendo ili m'mwamba. Kodi mukumutani m'bale wanga?"

Ndinadinanso maso nditatsinzina, ndikupemphera m'zinenero zonse zomwe ndimadziwa, Chiyao ndi Chipwitikizi chomwe. Kulira kwa makina kunaleka. Ine ndinati basi, munthu uja ndamumaliziratu.

Kenako ndinamva kuseka, ndipo woseka anali apongozi, misozi idakali m'mawu.

"Wanenepa," Rozita anandiuza akudziletsa phwete. "Masaya ngati mwini lozha, sitolo ya pamsika ija, khosi palibe."

Ndinaulula zonse nditayang'anabe khoma, kuti wowonda uja anali wabodza, wonenepayunso ndi wabodza, ndipo akandipatsa mpata ndipeza weniweni pakatikati. Apongozi anamvetsa bwinobwino, si munthu wogona ayi, koma anakana.

"Uwauze bambo asakhudzenso," anatero. "Ngati makinawa ndi abodza, azinama chonchi."

Anakhala pampandopo mpaka jeradolo, injini yathu ya magetsi, itatha mafuta, akumuyang'ana mwana wawo wamasaya, nthawi zina n'kumasisita galasi ndi chala. Ine miyendo inachita dzanzi kuseri kuja, koma sindinasunthe.

Chaka chotsatira Armando anabweradi. Tonse tinakamuchingamira pamsika pomwe pamaima chapa, minibasi yakwathu, ndipo anatsika munthu wamba, wosanenepa, wosawonda, atanyamula chikwama chimodzi. Mayi ake anamugwira manja nthawi yaitali, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Ine ndinali nditaima chapatali mwaulemu, ndikuganiza kuti mlandu wanga unaiwalika. Apo anatembenukira kwa Rozita n'kulankhula mokweza kuti msika wonse umve:

"Uwauze bambo apite naye ku ofesi kwawo kuja akamudine kamodzi kokha. Wabwera wosakwanira."

Chiyambire tsiku limenelo, chithunzi cha wachibale ndimayamba ndachiona ndekha chitseko chili chotseka, ndipo ndinalumbira kuti sindidzakonzanso chinthu nditachifulatira, ngakhale apongozi atakhala khumi m'chipindamo.