Piii Wachisanu wa Apongozi

Inu, tasenderani kuno mumve za a Piii. Musaseke msanga, limenelo ndi dzina la munthu wamkulu, wa ndevu zake ndi tayi yake, amene wagwira ntchito pa kawailesi ka m'tauni zaka khumi ndi zinayi. Ntchito yawo ndi yochapa nyimbo. Oimba a masiku ano mukuwadziwa, sangamalize mzere osatchula ziwalo za munthu. Ndiye nyimbo isanaulutsidwe imayamba yadzera m'kachipinda ka a Piii, kopanda zenera, konunkha fumbi ndi masokosi. Iwo amavala mahedifoni, kutsinzina, chala chili pa batani. Mawu oipa akangoti atuluke, piii! Basi, nyimbo yabatizidwa.

Ndipo ankainyadira ntchitoyi koopsa. "Ine ndine mlonda wa makutu a anthu," ankatero, ngakhale palibe wawafunsa.

Choipa chake, ntchito inawalowa m'magazi. Tsiku lina atapsereza ketulo kachitatu mwezi umodzi, mkazi wawo anagwira m'chiuno.

"Bambo inu ndatopa nanu, ndinu munthu wo..."

"Piii!"

Sikuti anafuna ayi, pakamwa panangochita pokha. Mayi anayambiranso, piii. Kachitatu sanayesenso, anangolongedza chikwama.

"Ndili kwa amayi. Mukadzaphunzira kumvera munthu mpaka amalize kulankhula, mudzanditenge."

Panapita miyezi iwiri. A Piii anaonda, kolala ya shati inayamba kuwazungulira khosi. Mkazi wawo ankamukonda, zoona, ndipo nyumba yopanda wowakalipira inkawaopsa. Koma kiyi wa nkhani yonse anali m'manja mwa apongozi, mayi wotsogolera kwaya ya amayi kutchalitchi, munthu woti akayetsemula mpingo umayankha ameni. Iwowo anali atanena poyera kuti mwana wawo sabwerera kwa mwamuna wolira ngati galimoto yobwerera m'mbuyo.

Mwayi unabwera pamene abusa ankakwanitsa zaka makumi awiri ndi zisanu pa mpingo. Kwaya inapeka nyimbo yowathokoza, ndipo inkafuna imveke pa wailesi. A Piii anathamangira kwa apongozi tayi ili paphewa.

"Amayi, musavutike. Ndijambula ndekha, ndikonza ndekha, Lamlungu m'mawa muimva."

Apongozi anawayang'ana kuyambira kunsapato mpaka kudazi. "Mukaikonza bwino, za mkazi wanuzo tidzakambirana."

Loweruka amayi khumi ndi awiri anathithikana mu situdiyo yokwana anthu anayi. Nthawi inali yojambula kamodzi kokha, chifukwa owerenga nkhani anali kale pakhomo ndi mapepala awo. Nyimbo inayamba bwino, apongozi akutsogolera. Koma mukudziwa amayi akachuluka m'chipinda chafumbi. Wina anatsokomola. Mpando wa mayi woimba kiyibodi unalira. Foni ya msungichuma inayamba nyimbo yakeyake. Wina anayetsemula ngati waphulitsa tayala. Ndiye chakumapeto, pamene mawu amapuma kiyibodi n'kumalira yokha, chitsulo choimikira maiki, chimene a Piii anamanga ndi manja awo, chinatsetsereka n'kukhoma apongozi pamlomo.

Inu! Mayi woyera uja anatulutsa liwu. Analinena chapansipansi, amayi anzawo sanamve, koma maiki inali pakamwa penipeni ndipo a Piii anali ndi mahedifoni. Liwulo sindingalibwereze pano, pali ana. Ndingokuuzani kuti linkanena za mkamwini wawo, ndipo pa zaka khumi ndi zinayi zochapa nyimbo a Piii anali asanamvepo lolemera choncho. Iwo ndi apongozi anayang'anana kudzera pagalasi.

Amayi atapita, a Piii anakhala pansi kuchapa. Chifuwa chija, piii. Mpando, piii. Foni, piii. Kuyetsemula, piii. Liwu la apongozi analipatsa piii wamtali, waulemu wake.

Muulutsi wa mapulogalamu a Lamlungu anasuzumira. "Akulu, bwanji osangodula pali phokosopo?"

"Ukadula, nyimbo imatsimphina."

"Koma piii mu nyimbo yakutchalitchi, anthu aganiza chiyani?"

"Mwana iwe, piii ndi sopo. Unamvapo munthu akudandaula kuti zovala zayera?"

Apa ndi pamene a Piii anagwera. Kwa iwo piii ankatanthauza kuti pano payera. Anaiwala kuti kwa wina aliyense amene ali ndi wailesi, piii amatanthauza kuti pano panali zinthu.

Lamlungu m'mawa mpingo wonse unatchera khutu, ena akusita, ena akumanga nsapato. Mawu okoma a apongozi anamveka: "Abusa athu, inu ndinu piii, tsiku ndi tsiku mumatipiii, akulu a mpingo nonse ndinu piii, mayi busa nawonso ndi piii." Kenaka kiyibodi, kenaka piiiiii wamtali uja, kenaka ameni.

Mayi busa anapsereza malaya a abusa. Foni ya wailesi inalira mpaka kutentha. Pofika Lachiwiri nyimbo inali m'mabasi ndi m'malo ometera, anyamata amene sanapondepo m'tchalitchi akuiimba pamtima, aliyense akudzaza mipata ija ndi mawu akeake. Ndipo musaganize kuti anali anyamata okha. Akhristu okhwima, a Baibulo lokutidwa ndi chikopa, ankanong'onezana kuseri kwa tchalitchi zimene akuganiza kuti mayi uja ananena, ndipo mawu amene ankatulutsawo ngakhale oimba aja akanachita nawo manyazi. Woimba wina wa ndolo m'mphuno anafika pa wailesi kudzafunsa ngati agogowo angalole kuimba naye.

Lachinayi masana akulu a mpingo anaitanitsa bwalo m'chipinda chakuseri kwa guwa. Apongozi anakhala pampando wapakati, mlomo udakali wotupa, mwana wawo ali pambali. Mlanduwo ukawagwera, kwaya inali yowachokera. A Piii analowa atakumbatira laputopu.

"Nkhani ndi yosavuta," anatero abusa. "Tiyikireni nyimbo yosachapa, timve tokha."

A Piii anayang'ana apongozi, ndipo koyamba m'moyo wawo anaona mayi uja akuchita mantha. Thukuta linali litatsikira m'magalasi.

Nyimbo inayamba. Akulu a mpingo anasendeza mipando, makosi atatalika, mlembi atanyowetsa kale chala chotsegulira tsamba. Malo oyamba: "inu ndinu odala," ndi chifuwa pamwamba pake.

"Chifuwa basi?" anafunsa mlembi, mokhumudwa.

Achiwiri, "mumatiweta," ndi mpando. Achitatu, "ndinu mizati," ndi foni, msungichuma n'kuweramitsa mutu. Achinayi, "ndi mayi wathu," ndi kuyetsemula. Nkhope za akulu zinagwa ngati anthu amene abwera ku ukwati n'kupeza chakudya chatha.

"Watsala wamtali uja," anatero mkulu wina, maso akuwala. "Kwezani."

A Piii anakweza. Kiyibodi inayamba kulira yokha. Ankadziwa bwino lomwe: akalisiya liwulo limveke, aliyense aona kuti iwo sanalakwe kuika piii, ulemu wa ntchito yawo ubwerera. Ankadziwanso amene agone yekha mpaka kalekale. Chitsulo chinamveka kugwa, apongozi anatsinzina, ndipo a Piii anadzuka n'kukuwa ndi mphamvu zonse za m'mapapo:

"Piiiiiii!"

Mlembi anagwetsa cholembera.

"Bambo, n'chiyani chimenechi?" anafunsa abusa.

"Pepani abusa, zimangondichitikira."

"Bwezani kumbuyo."

Anabweza. Pamalo omwewo, piiiiii! Kachitatu mkulu wina anayesa kuwatseka pakamwa ndi chipewa, koma piii anatulukira m'mphuno.

"Abusa, musavutike naye," anatero mkazi wa a Piii. "Ndi matenda. Mukuona ngati ine ndinachokeranji kunyumba?"

Abusa anavula magalasi n'kupukuta kumaso. Anagamula kuti mayi wa kwaya ndi wosalakwa, pakuti malo anayi apezeka oyera ndipo achisanu n'zoonekeratu kuti vuto ndi wojambula. Kenaka anauza a Piii agwade. Mlonda wa makutu a anthu anagwada pasimenti, akulu asanu ndi mmodzi atamusanjika manja padazi, akudzudzula mzimu wa piii kuti utuluke. Mpaka lero dzina lawo limawerengedwa Lamlungu lililonse pa mndandanda wa odwala, pakati pa a shuga ndi a nyamakazi.

Atatuluka panja, apongozi anakodola mwana wawo, a Piii ali poteropo akusasa fumbi m'mawondo.

"Pita ukatenge chikwama chako, uzipita kwa mwamuna wako."

"Amayi, si inu munkati munthuyu ndi galimoto yobwerera m'mbuyo?"

"Ndiye ukufuna izibwerera osalira, igunde anthu? Nyamuka."

Kenaka anatembenukira kwa mkamwini wawo, n'kutsitsa mawu.

"Nyimbo yosachapa ija muifufute lero lomwe."

"Ndafufuta kale, amayi," anatero a Piii, ngakhale inali ikadali mu laputopu, ndi inanso pa fulashi m'thumba la jekete.

"Mwachita bwino. Koma musaganize kuti ndabweza mawu anga. Zimene ndinanena zija n'zoona, inuyo ndinu..."

Anaima pomwepo, n'kudikira. A Piii analuma milomo, pokumbukira mawu a mkazi wawo aja oti azimvera munthu mpaka amalize kulankhula. Apongozi anayang'ana uku ndi uku, abusa akubwera chapafupi, n'kugunda a Piii ndi chigongono.

"Nanga mukudikira chiyani, bambo? Lizani, ndimalize."