Nthambi ya Pamwamba pa Khitchini ya Azakhali

Lolemba

Lero ndakhazikitsa gulu lophunzitsa anthu kukwera mitengo mwaluso ndi kuidulira. Wapampando: ine. Mlembi: ine. Mamembala: ali m'njira.

Gwero la zonsezi ndi mtengo wa mango wa pakhomo pa azakhali, kuno ku Mtakataka. Anaubzala ndi malemu agogo aamuna, ndipo tonse a banja lino kuba tinaphunzirira mumtengo umenewu. Tsono nthambi yake ina yakula n'kuwerama pamwamba pa khitchini. Mphepo ikangoomba, iyo kukanda malata. Azakhali atopa nayo. Akuti: "Pofika Lamulungu ichoke. Apo ayi ndiitana owotcha njerwa augwetse wonse."

Wonse! Zaka zinayi ndinakhala ku yunivesite kuphunzira za nkhalango, ndiye ndidzaonerere mtengo wa agogo ukulowa mu uvuni? Munthu akadwala chala sadulidwa mutu.

Zida zomwe ndili nazo:
chingwe chachitali chimodzi
malamba omanga m'chiuno
chisoti chachikasu
macheka
digiri

Lachiwiri

Abwera atatu. A Jailosi, ofula uchi m'milambe ya ku Golomoti, imvi mbuu. A Matiyasi, a kabaza, mkamwini wa azakhali, amene anakwatira msuweni wanga. Ndi Sitela, mphunzitsi wa ku Mua, yemwe akuti watopa ndi kuchonga makope.

Phunziro loyamba: kumanga mfundo. Ndikuwauza kuti munthu wozindikira sachotsa phazi pansi asanadzimange. Ndikuwerama kuti ndiwaonetse. Chingwe chikuzungulira apa, chikulowa apa, chikukana kutulukira apo. Ndikumasula, ndikuyambanso. Kenako bango likundigunda pachisoti. Kuyang'ana kumwamba, a Jailosi ali pansonga penipeni, opanda nsapato, akusenda lina ndi mano.

"Aphunzitsi, zokwerazo tiyamba liti?"

Ndalemba m'kaundula kuti akwera molakwika. Koma chisoti chaonetsa ntchito yake pamaso pa ophunzira onse, ndipo ndikunyadira.

Lachitatu

Tsiku la Sitela. Wavala malamba bwinobwino, mfundo wamanga yekha, kuposa mmene ndinamangira ine dzulo, ngakhale sindinamuuze. Wadutsa nthambi ziwiri, azakhali n'kutulukira.

"Mtsitseni mwana wa eniakeyo. Mkazi akakwera mtengo mango amawawasa."

Ndafotokoza modekha kuti kutsekemera kwa chipatso kumachokera ku dzuwa, nthaka ndi madzi. Andimvetsera mpaka ndamaliza, kenako andifunsa ngati aphunzitsi anga a ku yunivesite adzabwere kudzadya mangowo akawawasa.

Sitela watsika, wajambulitsa chithunzi atavala chisoti changa, wakwera minibasi. Chithunzicho chafika kale pafoni ya aliyense. Pansi pake walemba kuti "Dokotala wa mitengo". Ine sindikuonekamo, kupatula chigongono.

Mamembala: awiri.

Lachinayi

A Matiyasi ndiye chiyembekezo changa. Munthu wokwera chitunda cha ku Mua atanyamula mayi ndi thumba la chimanga panjinga, mtengo angaulephere? Ndawamanga malamba, ndawaveka chisoti. Agwira chingwe, ayang'ana cha kumbali, achisiya.

Azakhali ayala mkeka pamthunzi, akusenda chinangwa.

A Matiyasi akundinong'oneza: "Alamu, ine ndikhale pamwamba, apongozi pansi? Mukufuna ndibwerere kwathu ndi bulangete lokha?"

Tadikira kuti azakhali achoke. Chinangwa chatha, ayamba nyemba. Nyemba zatha, kwabwera mnzawo wa ku limana, kagulu kawo ka kutchalitchi, ayamba nkhani ya kwaya. A Matiyasi nthawi yonseyi ali njo kuseri kwa nkhokwe, chisoti chili m'manja.

Mtsogoleri wabwino amaona luso la munthu aliyense. Ndawapatsa udindo wogwira chingwe pansi. Pantchito yodulira mitengo ameneyu ndiye mwini moyo wa onse, poti nthambi ikadulidwa amaitsitsa ndi iyeyo. Asangalala. Akufunsa ngati udindowo uli ndi yunifomu.

Lachisanu

M'mawa kwabwera owotcha njerwa awiri. Akuti akungodutsa. Akuuzungulira mtengowo, kuusisita, kuukumbatira kuti aone kunenepa kwake, ngati ogula mbuzi pamsika. Ndawayang'ana ndi diso la munthu wophunzira mpaka achoka. Mwina anali atamaliza kale kuyeza.

A Jailosi akuti angaidule nthambiyo ndi chikwanje madzi a tiyi asanawire. Ndakana. Chikwanje chimang'amba khungwa, bala n'kuyamba kuola. Nthambi yaikulu imadulidwa katatu: koyamba chapansi pake kuti isang'ambike, kachiwiri pamwamba kuti ichoke, kachitatu pafupi ndi thunthu kuti bala lipole.

"Nthambi imodzi kuidula katatu? Ndiye n'chifukwa chake sukulu yanuyo imatenga zaka zinayi."

Atenga chikwanje chawo, apita kunjuchi zawo.

Masana ndakwera ndekha, motsatira malamulo onse. Kufika pamphanda yoyamba kwanditengera nthawi yomwe wansembe amalalikira pa Pasaka, koma ndafika. Ukakhala pamenepo ukuona njanji, ukuona mapiri a ku Dedza. Ukuonanso utsi wa mauvuni, uwu apa, uwo apo. Nyerere zofiira zandilandira m'buluku. Sindinakuwe kwambiri.

Loweruka

Tsiku la opaleshoni. Nthambi ndaimanga, chingwe ndachidutsitsa pamphanda ya pamwamba, nsonga yake ili m'manja mwa a Matiyasi. M'khitchini tatulutsamo aliyense, ndi nkhuku zomwe.

Kudula koyamba: bwino. Kwachiwiri: bwino kwambiri. Nthambi ikulira, ikulekana ndi mtengo, ikulendewera m'malere ndendende monga pachithunzi cha m'buku. "Pang'onopang'ono, alamu." "Ndagwira, musadandaule." Ikutsika mwaulemu ngati mkwatibwi. Ndikulakalaka anzanga a m'kalasi akanaona.

Pamenepo azakhali akutuluka m'nyumba ndi kapu ya thobwa. Aona mkamwini wawo ali thukuta kamukamu, amumvera chisoni. Akuika kapuyo pansi chapatali, monga mwa mwambo. "Bambo, nyowetsani kaye kukhosi."

A Matiyasi ndi munthu woleredwa. Anjuta pomwepo, aweramitsa mutu, n'kuomba m'manja. Manja onse awiri.

"Zikomo amayi, ziko..."

Chingwe ndachiona chikukwera mumtengo ngati njoka yothawa moto.

Denga la khitchini lili pansi. Khoma la kuvuma nalonso. Mtondo wapulumuka.

Fumbi litachepa, ndamaliza kudula kwachitatu, poti ntchito sisiyidwa pakati. A Matiyasi akadali chinjutire. Azakhali ayang'ana khitchini, ayang'ana mkamwini wawo, n'kunena kuti: "Koma mwana uyu ndi waulemu."

Lamulungu

Kutchalitchi nkhani yafika ine ndisanafike. A Matiyasi anthu akuwagwira chanza, amayi akuuza ana awo aakazi kuti mwamuna azikhala chonchi. Ine akundilozerana ndi milomo.

Titabwerako tapeza owotcha njerwa aja atakhala pansi ndi nkhwangwa zawo. Azakhali sanavule n'komwe mpango wa kutchalitchi.

"Muudule, ndiye ndiziphikira pati? Padzuwa?"

Anyamula nkhwangwa zawo, apita. Mafuwa asamukira pansi pa mtengo. Mtengo wa agogo ukhala.

Gulu ndalitseka. Mamembala: wapampando ndi mlembi, ndipo sakulankhulana.

Koma bala lija, abale! Losalala, lopendekeka bwino kuti madzi asakhazikikepo, khungwa losang'ambika olo pang'ono. Kuchokera ku Golomoti mpaka ku Mua palibe mtengo wodulidwa chotere. Vuto n'lakuti utsi wa azakhali ukukwera molunjika pomwepo, wayamba kale kulidetsa. Ndawapempha mwaulemu kuti asunthe mafuwa pang'ono.

Akuti asuntha ndikakhoma malata.