Tsiku Lomwe Ndinaphikira Apongozi Zoziziritsa Kukhosi

Pa Santhe ponse palibe wondiposa pa nkhani yonenerera mtengo. Ndinkatero ine, ndisanakumane ndi kabokosi ka a Saidi.

A Saidi ali ndi sitolo pamsika. Tsiku lina anandionetsa kabokosi koziziritsira zakumwa, koyendera batire.

"Mulibe gasi umu," anatero. "Muli kambale kangati bisiketi. Magetsi akadutsamo, kamatola kutentha mbali iyi n'kukataya mbali inayo. Mkati zii, kunja juu. Koma mukatembenuza mawaya..."

"Zimenezo mukauze ana asukulu, bwana. Tsitsani mtengo."

Tinakokanakokana mpaka iwo anatopa. Pomaliza ndinati achotse chingwe chake kuti mtengo utsikenso, mawaya ndili nawo kunyumba. Anangomwetulira (kumwetulira kumene kuja ndimakulotabe).

Loweruka ndinamangirira kabokosi ndi batire panjinga yamoto, ulendo wa kwa Chulu. Apongozi anga aamuna anali ataitana anthu odzawathandiza kumanga chigafa cha fodya, ndipo ine ndinalonjeza kuti amwa zozizira ngati m'tauni. Mudziwe kuti apongoziwa amati mkamwini wawo ndi pakamwa pokha. Tsiku lowatsutsa linali limeneli.

Nditafika ndinalumikiza mawaya (onse awiri akuda, zotsalira za wailesi yakufa), kafani ka m'kabokosimo kanalira, ine n'kuikamo mabotolo a zakumwa n'kutseka. Aliyense woyandikira ndinkamuthamangitsa: "Osatsegula, kuzizira kuthawa!"

Masana, dzuwa likuswa mtengo, anthu anatsika pachigafa thukuta lili kamukamu. Ndinatsegula monyadira. Mpweya wotentha unandiwomba kumaso.

Apongozi anatola botolo n'kumaliponya dzanja ili ndi ilo ngati mbatata yootcha.

"Akamwini, kodi kutauni tiyi amabwera m'botolo? Nanga shuga mwathira kale?"

Anthu anafa ndi phwete. Alamu anga anatembenuza mawaya aja, mkati n'kuyambadi kuzizira. Pomwepo kafani kanati zii, batire latha.

Lolemba ndinabwerera kwa a Saidi, chipewa m'manja.

"Chingwe chija chilipo?"

"Chilipo. Koma chakwera."

Sindinanenerere ngakhale pang'ono. Nditapita nacho kwa Chulu, apongozi anakaniza kabokosi kaja, kamene ndinakasiya kumeneko. Akuti mawaya anawabwezera molakwika muja, kakhale momwemo, kamawasungira mbatata yotentha akamachokera kunazale.

Lero chingwe chili kwa ine, kabokosi kali kwa apongozi, ndalama za zonse ziwiri zili kwa a Saidi. Komatu mtengo ndinatsitsadi. Ndiye tandiuzani, anapambana ndani?