Tsiku Limene Ndinaveka Kompyuta Diresi

Mpaka lero, ndikamadutsa pa ofesi yakale ya bungwe la alimi m'tauni ya Chipata, ndimafulumiza miyendo. Pali nkhani.

Ndinkagwira ntchito yotayipa kumeneko pamene kompyuta yathu yoyamba inafika. Abwana athu, a Mwanza, anaiika patebulo panga ngati akundipatsa khanda. "Amake Tisa, mdani wa chinthu ichi ndi fumbi. Muchisamale."

Unali Okutobala, ndipo fumbi la ku Chipata mukulidziwa. Ine pokhala mwana wa telala wa ku Nabvutika, Loweruka ndinasokera bokosi lake chovala cha chitenje, chothina ngati diresi la mkwatibwi. Kumbuyo kwa bokosilo ndinaona timabowo tambirimbiri. Ndinati apa mpolowera mphemvu. Ndinatseka tonse ndi thonje la m'munda mwa apongozi anga ku Madzimoyo (ndinachita kukankhira ndi kamtengo ka machesi, kuti ntchito ioneke).

Lolemba ndinayatsa. Ndinangotayipa mayina asanu, kenako zii, yazima. Ndinayatsanso. Mayina atatu, zii. Mayinawo anali a alimi oti alandire mbewu Lachisanu, mvula isanagwe.

Poyamba ndinanamizira magetsi. Tinasintha soketi, tinasamutsira tebulo m'chipinda cha abwana, koma ayi ndithu. Lachiwiri ndinaimenya mbama pambali monga tinkachitira ndi wailesi. Lachitatu ndinaiwaza madzi odalitsidwa (pang'ono pokha, pachitenje, musandiweruze).

A Mwanza anasiya kuseka. "Mayi, akuluakulu a ku Lusaka akafunsa kuti yafera m'manja mwa yani, ndidzati chiyani?"

Mumtima ndinali nditayamba kale kusankha malo ogulitsirapo tomato pamsika.

Lachinayi a Mwanza anaitana a Sakala, mphunzitsi wa sayansi wa kusekondale. Anatsamiritsa njinga panja, nkuima pakhomo akuyang'ana tebulo langa.

"Iyi ndi kompyuta, kapena ikupita ku chinkhoswe?"

Anaivula, natembenuza bokosi. Kenako anatenga kawaya nkuyamba kusolola thonje, pang'onopang'ono, akuunjika patebulo pamaso pa abwana.

"Wachita izi ndani?"

"Mwina makoswe," ndinatero, mawu ali pansi.

"Makoswe a kuno ndi audongo," anatero a Sakala. "Achotsa ndi njere zomwe."

A Mwanza anandiyang'ana. Ine ndinayang'ana kalendala.

A Sakala anafotokoza kuti mkatimo muli kafani kotulutsa mpweya wotentha kudzera m'timabowo tija, ndipo kompyuta ikatentha kwambiri imadzizimitsa yokha kuti isapse. "Munaitseka mphuno, mayi. Sinafe, imangokomoka."

Anayatsa. Tinadikira mphindi khumi, theka la ola, mpaka ola lathunthu, iyo ili ngwee. Ndinakhala pasimenti penipeni nkuyamba kuseka, misozi ili chuchuchu.

"Dzukani mutayipe," anatero a Mwanza, nawonso akubisa mano. "Alimi akubwera mawa."

Mayina onse anatha, ndipo Lachisanu aliyense ananyamula mbewu yake.

Chodabwitsa, mbiri inayenda mokhota m'tauni, akuti amene anachiritsa kompyuta ija ndine. Maofesi ena atagula zawo, ikangovuta ankanditumizira uthenga. Ndinkafika mwaulemu wake, kusuzumira kumbuyo kwa bokosi, nkufunsa ndi nkhope ya katswiri, "Kodi simunaitseke mphuno?"

Akandifunsa kumene ndinaphunzira, ndinkangoti, "Maphunziro ake ndi owawa."