Siginecha ya Mchira

Lolemba

Kwabwera amuna awiri pa njinga yamoto, wina wakolekera fayilo m'khwapa. Akuti ndinatenga ngongole ya folo handiredi sauzande ku ofesi yawo ya ku Namadzi kuti nditsegule saluni. Ine saluni! Mutu wanga womwe umaona mafuta pa Khirisimasi pokha. Chikole akuti ndi makina anga osokera. Ndalama zikapanda kuoneka pofika Loweruka, adzanyamula.

Andionetsa fomu. Dzina ndi langa, nambala ya chitupa ndi yanga. Ndakumbukira bambo wa tayi uja, anabwera kuno ku Mbombwe kudzalemba mayina a olandira mbuzi zaulere. Tinapereka zitupa kuti ajambule, chogwada, tikuthokoza. Atafunsa katundu amene ndili naye ndinatchula makina mokweza kuti amayi anzanga amve. Mbuzi sizinalire mpaka lero.

Koma siginecha ya pa fomuyo, abale! Ikuyamba pansi ngati nthambi ya dzungu, kukwera, kuzungulira kawiri, n'kutsika ndi mchira. Ine ndikasayina zimangokhala ngati papalasa nkhuku.

Zochita:
1. Kupolisi, kukatenga kalata.
2. Lachisanu ku ofesi ya ngongole, kukanena kuti ine uja si ine.
3. Osalira.

Lachiwiri

Kupolisi ku boma. Bwana wake ngofatsa: "Mayi, a mbuzi zimenezi mwakwana seveni." Akufuna fotokope ya chitupa. Kusitolo yojambulira magetsi azima. Ndakhala pakhonde maola atatu chitupa chili m'kamisolo.

Ndikuganiza za ine winayo. Ayenera kuti ndi wamtali. Zikhadabo zofiira. Saluni yake ili ndi kalilole woyambira pansi mpaka kudenga, wailesi ikulira chapansipansi, fungo la mafuta onunkhira mpaka kumsewu. Anthu akumuitana dzina langa, iye n'kutembenuka mosathamanga. Ndiyenera kumuda. Ndikulephera, ndikumusirira.

Lachitatu

Ntchito: mayunifomu asukulu sikisi. Ndasoka kolala imodzi.

Ndatenga choko chodulira nsalu, ndayesa siginecha ija pa kansanza. Kungofuna kuona mmene dzanja la munthu wa saluni limayendera. Poyamba mchira ukutuluka ngati wa mbewa. Ulendo wa teni wayamba kuoneka. Ulendo wa fote, eee! Ndadzuka n'kuyenda mpaka pakhomo chiuno chili gwede gwede, ngati pali kasitomala akundidikira.

Lachinayi

Kalata ya kupolisi yatuluka, chidindo chake chofiirira bwino. Achemwali anga akuti, "Iwe, nkhani yophweka iyi. Ukasayine nkhuku zako zija, akayerekeze ndi za wakubayo, basi yatha." Zoona. Mtima wakhala pansi.

Pomwe ndasayina lero:
pa pepala la shuga,
pa mchenga kumjigo,
pa ufa m'lichero,
pa bondo langa ndi chala, m'minibasi.

Ndikapambana mlanduwu ndigula kalilole. Wamng'ono kaye.

Lachisanu

Namadzi. Ofesi yozizira, fani ikuzungulira mwaulesi, mpando wofewa womira nawo. Mayi wa pa desiki wanditchula "Madamu". Ine! Wawerenga kalata ya kupolisi, wagwedeza mutu mwachisoni, wandipatsa madzi ozizira m'tambula yagalasi. Kenako pepala loyera ndi cholembera cholemera, chagolide kumutu. "Sayinani apa, Madamu, tiyerekeze."

Mphepo ya fani ikundisisita m'khosi. Kwinakwake wailesi ikulira chapansipansi. Dzanja langonyamuka lokha: kukwera, kuzungulira kawiri, mchira.

Mayi uja waika mapepala awiri pamodzi. Mapasa! "Nanga mayi, mukukana chiyani?" Umadamu wathera pomwepo.

Ndapempha kubwereza. Ndapalasa nkhuku zanga zenizeni, zomwe ndakhala nazo chichokereni sitandade faifi. Wayang'ana, wati, "Iyi ndiye mwachita kupeka."

Ndafotokoza za choko, za ufa m'lichero. Mlonda watuluka panja kukaseka.

Nambala 3 ija, ya osalira, yalephereka pa siteji ya minibasi.

Loweruka

Ndadzuka m'mamawa kuthira mafuta makina. Sindikudziwa chifukwa chake. Zaka leveni akundidyetsa, apite osalira dzimbiri.

Amuna awiri aja afika nayini koloko. Ulemu ali nawo, mpaka odi. Ndawapatsa chitenje changa chakale kuti akulunge, angakalike panjira. Achemwali aima potero manja ali m'chiuno: "Anzako amaberedwa ndi akuba, iwe wachita kukawathandiza ntchito!"

Wa fayilo uja akuti ndisayine kuti katundu watengedwa. Ndamufunsa kuti siginecha ya uti, ine kapena winayo. Sanaseke. Ndadinda chala.

Lamulungu

Kutchalitchi nkhani yafika kale. Amayi a mbuzi anzanga akundipatsa moni mondimvera chisoni, koma mapewa akugwedezeka. Apolisi akuti kafukufuku akupitirira, ndidikire. Chabwino. Kudikira ndiye ndimatha.

Mayunifomu akufunika mawa. Ndakoka mpando, ndakhala pamalo pomwe panali makina, singano m'manja. Pansi patsala mabowo anayi a miyendo yake. Ndikusoka pang'onopang'ono, ulusi ndikudula ndi mano. Ndazindikira mochedwa kuti phazi langa likupondaponda lokha pa dothi, kutsika, kukwera, kutsika.

Ndalileka liponde.